Ndinamuuza kuti asadzagogode pakhomo lija

Tsiku limene mabomba anaphulika m'sitima zoyenda pansi pa nthaka, ine ndinali ku Edmonton, dera lakutali ndi pakati pa tauni, m'nyumba ya gogo wina wachizungu amene ndinkawasamalira. Gogowo mutu unali utayamba kuiwala. Akangoona chitseko chotsegula ankatuluka, ati kukachingamira amuna awo, chonsecho amunawo anamwalira kalekale. Ndiye lamulo la ntchito linali lakuti ndisawasiye okha ngakhale pang'ono mpaka wodzandilandira shifiti atafika.

M'mawa umenewo mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anandipatsa, anakwera sitima ku Tottenham kupita m'tauni, kumene ankagwira ganyu ya patchuthi m'sitolo ya nsapato.

Ndinkawapesa tsitsi gogo pamene TV inayamba kuonetsa anthu akutuluka pansi, nkhope zili bii ndi mwaye. Ndinaimba foni ya mwana, osalowa. Ndinaimbanso, osalowa. Mafoni am'manja onse anali atafa. Ndinagwiritsa ntchito foni ya m'nyumba kuimbira ku ejensi, kampani imene inandilemba ntchito.

"Mabasi aima, wokulandirani sabwera," anatero mayi wa ku ofesi. "Musachoke."

"Mwana wanga wakwera sitima zomwezo!"

"Pepani kwambiri. Koma gogo musawasiye."

Foni ya m'nyumbayo inkagwira bwinobwino, ndipo mwana wanga nambala yake ankaidziwa. Nanga bwanji sankaimba? Apa m'pamene mtima unandilasa. Miyezi ingapo m'mbuyomo anaimbapo kufunsa makiyi, mwana wa gogo n'kukadandaula ku ejensi. Ine ndinamukhazika pansi mwana wanga n'kumuuza kuti, "Nambala ija uiiwale. Olo nyumba ipse, usaimbe, ndipo usadzagogode pakhomo lija. Ntchito imeneyi ndi imene ikutidyetsa." Mwana wangayu ngwomvera. Ndiye sindinkadziwa ngati chete ameneyu anali wa kumvera kapena wa imfa.

Gogo ankafuna tiyi. Ankafuna kuchimbudzi, ankafuna mankhwala awo. Akandiyang'ana ankafunsa, "Ukuliranji, mwanawe?" Ndikawauza ankagwira pakamwa, pakapita kanthawi n'kufunsanso chimodzimodzi. Kachinayi ndinangoti ndi chimfine.

Masana ndinanyamula chikwama, ndinafika mpaka pachitseko, kiyi ali m'manja. Nditacheuka ndinaona gogo aima pamwamba pa masitepe, phazi limodzi lili m'malere, akundimwetulira. Ndinabwerera. Ndinawakhazika pampando, ine n'kugwada pakapeti pomwepo. Mawu a pemphero anandithera, ndinkangoti, "Ambuye, mukumudziwa. Ambuye, mukumudziwa." Gogo anandisisita m'mutu ngati mphaka wawo.

Cha m'ma folo, gogo ali pawindo, anati, "Pali mtsikana wakhala pampanda wanga kuyambira kale. Akugulitsa chiyani?"

Ndinasuzumira. Anali atafulatira, nsapato zili m'manja, koma malukidwe a tsitsi lija anali a manja angawa.

Kuthamanga sindikanatha, chifukwa chitseko chikanatsala chotsegula. Ndinawagwira gogo pamkono, tinatsika limodzi pang'onopang'ono, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina, ine ndikukuwa dzina la mwana.

Sitima yake inaima panjira, anawatulutsa onse, ndipo iye anayenda wapansi kuchokera m'tauni mpaka kuno. Zidendene zinali matuza okhaokha.

"Iwe, wafika nthawi yanji?"

"Kaya, ola lapita mwina."

"Osagogoda bwanji?"

"Mami, si munati ndisadzagogode? Ndimadikira muweruke."

Ndinalephera kumukalipira, ndinalepheranso kupepesa. Ndinangomukumbatira ndi dzanja limodzi, linalo litagwirabe gogo.

"Mlendo amaima panja?" anatero gogo. "Mulowetse, amwe tiyi."

Tinalowa atatu. Ndinatunga madzi ofunda m'beseni la gogo n'kumuviika mapazi, ndikuthokoza Mulungu, komanso ndikukumbukira azimayi anzanga amene tsiku limenelo anadikira osaona munthu. Ku ejensi ndinakanena ndekha kuti ndinalowetsa mwana wanga m'nyumba ya kasitomala. Ndinati ngati n'kundichotsa andichotse. Sanandichotse.