Mpheta zitatha mpunga wa bambo

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anandipatsa ntchito yolondera mpunga wathu ku Chinguluwe. Unali utayamba kukhwima, ndipo ndiwo unali chakudya chathu cha chaka chonse. Ntchito yake inali ya mwana ndithu: kukhala pamthunzi, mpheta zikatera n'kukoka chingwe cha zitini kuti zithawe.

Chingwecho ndinachikoka mwina kawiri. Kenako ndinaona nkhanu m'ngalande. Nkhanu inandifikitsa padongo, dongo lija n'kusanduka ng'ombe zitatu ndi ngolo yake. Podzutsa mutu, mayo ine, munda uli bii ndi mbalame, ngala zambiri zitatsala mankhusu okhaokha.

Bambo anathyola kanthambi ka bwemba. Sindinama, anandikwapula.

"Mutu wako umakhala kuti, iwe Esinati?"

Koma chinandipweteka kwambiri ndi mawu a mayi wina wa munda woyandikana nawo: "Musiyeni, ngwopepera. Watengera inu nomwe." Anthu ankawaseka bambo. Anapitapo kuboma pa njinga n'kubwerera pa minibasi, njinga ataiiwala pamsika.

M'mawa mwake ndinkayesa atuma mchimwene wanga. Ayi, anadzutsa ine. Titafika kumunda anayankhula osandiyang'ana kumaso.

"Anthu ngati iwe ndi ine sitilondera chokhala. Uziyenda m'mbali mwa mundamu uku ukuimba mokweza. Nyimbo ikatha, yang'ana mpunga, uyambe ina."

"Nanga ndikaiwalanso?"

"Uiwala ndithu. Ukakumbukira, bwerera. Zolira ayi."

Ndinayenda, ndinaimba mpaka mawu kusasa. Ndinaiwalapo kangapo, n'kumabwerera. Mpunga wotsalawo tinakolola. Unali wochepa, koma njala sinatigwire.

Lero ndine mayi wa ana awiri. Ndimalandira alendo pa loji ina ku Senga Bay, Loweruka ndimapita kusukulu ya za mahotela. Chaka chatha ndinaiwala kulembetsa mayeso kachiwiri. Sabata yomweyo ndinaiwala kukatenga mwana wanga wamng'ono kusukulu ya mkaka, aphunzitsi n'kuchita kumubweretsa okha kuntchito kwanga. Manyazi ake! Amuna anga anati basi, tiye kwa dokotala ku Lilongwe.

Adokotala anandifunsa zambiri, mpaka za ubwana wanga. Pomaliza anatchula ADHD. Anati ubongo wanga umavutika kukhazikika pa chinthu chimodzi, si ulesi, ndipo nthawi zambiri zimakhala za kumtundu. Anandipatsa mankhwala ndi malangizo: ntchito ndiziidula tizigawo, powerenga ndisadzikakamize kukhala pansi, ndikaphonya ndiyambirenso osadzida.

Mankhwala ndimamwa, ndipo amathandiza, ngakhale sachapa yunifolomu kapena kulemba homuweki. Notsi ndimawerenga mokweza ndikuzungulira pakhonde, ana n'kumafa nacho chiseko. Asekebe, mayeso ndalembetsa.

Koma tsiku lochokera kwa dokotala lija mu minibasi ndinalira kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Salima, ndipo sindinkadzilirira ine. Bambo anamwalira anthu akuwatchulabe opepera, iwonso atavomereza mumtima kuti ndi mmene alili. Panalibe wowauza zina. Malangizo omwe ine ndinawalandira papepala ndili mayi wamkulu, iwo anadzipezera okha pakati pa kusekedwa, n'kundipatsa ine miyendo ikadali ndi mikwingwirima ya bwemba.

Mkwapulo uja ndinawakhululukira kalekale. Chimandiwawa n'chakuti anapita asanadzikhululukire okha.