Mchere wa Zala Ziwiri

Tsiku limene akazi anga anagwa m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana, ine ndinali ndisanaphikepo ngakhale phala. Kuchipatala ku Makwasa anatiuza kuti ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Akazi anga anatuluka dzanja lamanja litafooka, lilime likulemera.

Tisananyamuke, anamwino anandiitanira pambali.

"Bambo, kunyumbako aziphika ndani?"

"Ine," ndinatero, poti ana athu onse ali kutali.

"Ndiye mchere muchepetse kwambiri. Mafutanso pang'ono. Masamba asamasowe."

Ndinangovomera ngati ndi nkhani yophweka.

Ndikaweruka kufakitale ndinkafikira kukoleza mbaula. Nandolo woyamba ndinapsereza. Mpiru ndinauwiritsa mpaka unada bii. Akazi anga ankakhala pamkeka pakhonde n'kumandiyang'ana. Akafuna kundiwongolera mawu ankakanirira kukhosi, ndiye ankangomenya sipuni pambale, ngo ngo ngo, ine osadziwa chomwe ndalakwitsa.

Mayi wina wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankathyola nawo tiyi, anandimvera chisoni n'kundiphunzitsa kutendera m'malo mokazinga.

"Achimwene, nsinjiro muzithira masamba akatsala pang'ono kupsa. Ndipo musamachokepo, zimapserera."

Pang'ono ndi pang'ono zinayamba kuoneka ngati ndiwo. Koma akazi anga ankalawa kamodzi n'kukankha mbale. Anawonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera.

Tsiku lina ndinaweruka msanga. Ndinawapeza atadzikhwekhwereza mpaka kukhitchini, akunyambita mchere pachikhatho chakumanzere. Ndinawalanda botolo la mcherelo mwaukali. Anandiyang'ana n'kutulutsa mawu movutikira.

"Inu... mukundipha."

Ndinakhala pansi pomwepo. Ndikawapatsa, magazi athamanga. Ndikawamana, njala iwamaliza. Panalibe woti ndimufunse.

Madzulo ake ndinaphika nkhwani wotendera, tomato ndi anyezi wambiri, n'kufinyiramo ndimu. Mchere ndinatsina ndi zala ziwiri, iwo akuona. Ine, amene ndinkathira wanga wapadera m'mbale yanga, tsikulo ndinadya nawo mbale imodzi. Anadya theka, osakankha.

Mpaka lero timadya choncho. Botolo la mchere ndimapita nalo kuntchito m'thumba la ovolosi, anzanga n'kumandiseka. Titapita kukapimitsa mwezi watha anati magazi atsikako, koma osati mokwanira. Thupinso silinabwerere. Ndikaweruka ndimayenda mothamanga, ndipo mtima sukhala pansi mpaka nditawaona akazi anga ali pakhonde.