Mtsuko wa Amayi Aang'ono Tsiala

Kwathu ku Kakheti mwana akabadwa, kholo lake limakwirira mtsuko wa vinyo, n'kudzautsegula pa ukwati wa mwanayo. Wanga, amayi ankati unasweka nthawi ya nkhondo.

Mng'ono wawo, amayi aang'ono Tsiala, sanakwatiwe, koma anali ndi mtsuko wawo kuseri kwa nyumba. Bwenzi lawo Ushangi linapita kunkhondo mphesa zitangokololedwa mu 1942, ndipo silinabwereko. Masana ndinkawapeza atagona pamwala wotsekera mtsukowo, khutu pansi, akumwetulira ngati akulota.

"Mukumvera nyongolotsi, amayi aang'ono?" ndinkawaseka.

"Choka apa, Bidzina, chimutu ngati dzungu! Vinyo akupuma, akukula."

Ndinkangoti akusungira Ushangi wawoyo.

Pa ukwati wanga amayi aang'onowo anatulukira ndi khasu, imvi zili mbuu, n'kufukula mwala uja. Nyimbo zinaleka. Okalamba onse anazolika, amayi anaphimba nkhope ndi mpango. Amayi aang'ono Tsiala anatunga vinyo m'nyanga yomwera n'kundipatsa.

"Imwa, mwanawe. Iwe ndi vinyoyu munabadwa chaka chimodzi. Koma mwa ana anga awirinu, amene abale anandilola kulera ndi uyu yekha."