Mawu Amodzi Amene Anawatsalira

Akazi anga anadwala sitiroko m'nyengo yokolola mpunga, m'mawa, akupeta pabwalo. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikukonza tcheni cha njinga pamene ndinamva lichero likugwa. Sindinadzuke msanga, poyesa kuti ndi nkhuku zawasokoneza. Nditapita ndinawapeza ali pansi, mpunga uli mbwee m'fumbi, pakamwa patapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende ngati si lawo.

Ndinawafunsa chimene chachitika. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Zikomo."

Mnansi wathu, Msilamu wogulitsa nsomba zouma, anawakweza pa njinga yake yamoto mpaka kumsewu, ndipo kumeneko tinapeza minibasi ya ku Zomba. Kuchipatala dokotala anandiuza kuti magazi anaundana n'kutseka kamtsempha ka mu ubongo, ndipo mbali imene inavulala ndi imene imasunga mawu. Anati kumva akumva zonse, koma njira yotulutsira zimene akufuna kunena ndiyo yatsekeka. Pa mawu onse amene anali nawo m'zaka makumi atatu ndi zinayi za banja lathu, anatsala ndi amodzi okhawo.

Kwathu kuno zikomo amagwira ntchito zambiri. Timathokoza nawo, timapempha nawo njira, timatsanzika nawo, ndipo wamkulu akatipatsa malangizo timavomera nawo. Choncho munthu amene watsala ndi zikomo yekha saoneka ngati wasowa mawu. Amaoneka ngati munthu waulemu amene zonse zili bwino kwa iye.

Mu wodi ya amayi mwamuna sakhalamo. Amene anakhala nawo usana ndi usiku anali mng'ono wawo wa ku Malosa, mlamu wanga, mayi wosasowa chonena. Ine ndinkalowa nthawi yoonera odwala, nthawi yotsalayo ndinkakhala pansi pa mtengo panja pamodzi ndi amuna anzanga.

"Alamu, mwapeza mwayi," anatero mlamu wanga tsiku lina ndikulowa. "Mkazi wosabweza mawu. Anzanu amachita kukasala kudya kuphiri kuti apeze wotere."

"Musawaseke odwala," ndinatero ine.

"Ndikuseka inuyo. Achemwali, kodi si inu munkatilalatira tonse mpaka agalu kuthawa? Lero mwasanduka a zikomo?"

Akazi anga anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, misozi ikutsika. Analidi munthu wolankhula. Kutchalitchi ndiwo ankayambitsa nyimbo, ndipo kunyumba ndiwo ankayambitsa nkhani zonse, ine ntchito yanga inali kuvomereza.

Tsiku lachitatu kunabwera namwino wa kafukufuku, mayi wachitsikana wovala magalasi. Anafotokoza kuti akupempha magazi pang'ono kwa anthu odwala sitiroko, kuti aone ngati m'magazimo muli zizindikiro zosonyeza amene adzachire bwino ndi amene matendawa angawabwererenso. Ananena mosabisa kuti zimenezi sizichiritsa akazi anga, zidzathandiza odwala a m'tsogolo. Anati pakatha miyezi itatu tidzabwerenso kuti adzaone mmene akuyendera.

"Mayi, mukuvomera?" anafunsa.

"Zikomo."

"Avomera," anatero mlamu wanga.

Namwino uja anapukusa mutu. Anaika dzanja lake m'dzanja lamanzere la akazi anga, nati, "Ngati mukuvomera, ndifinyeni. Ngati simukufuna, ingolisiyani." Akazi anga anafinya, ndipo pamenepo m'pamene namwinoyo anatenga magazi. Ine ndinali chiimire pomwepo, ndinaona zonsezi, ndipo ndinangoti mumtima, anthu ophunzira ali ndi mwambo wawo. Sindinatolepo kanthu.

Potuluka anatipatsa mapiritsi a mitundu itatu, ena a BP, ena oti magazi asaundanenso. Dokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti choopsa kwambiri ndi sitiroko yachiwiri, ndipo chotchinga chake ndi mankhwalawa, tsiku ndi tsiku, osadumphitsa. Ndinalonjeza. Ine ndine munthu amene sindinajombepo ku mapemphero a m'mawa kwa zaka zambiri, ndiye ndinkadziona kuti nkhani ya tsiku ndi tsiku ndimaitha.

Masabata awiri oyamba mlamu wanga anakhala nafe ku Domasi, ndipo za phala ndi mankhwala ankaona ndi iye. Kenaka anabwerera kwawo, kumene mpunga wake unali kutha ndi mbalame. Ntchito inatsala m'manja mwanga.

M'mawa uliwonse ndinkawaikira mapiritsi atatu m'dzanja lamanzere, kapu ya madzi pa mpando, kenaka n'kutuluka kukatsegulira nkhuku. Chikwatiranireni akazi anga sankafuna kuyang'anitsitsidwa akamadya kapena kumwa, ndipo pakamwa patapotoka manyaziwo anakula, chifukwa madzi ankatayikira pachifuwa. Ndinkati ndikuwapatsa ulemu. Ndikabwerako ndinkafunsa, "Mwamwa, mayi?"

"Zikomo."

Ndiye ndinkatenga khasu n'kupita kudimba mtima uli m'malo.

Panali masiku ena amene ankanena mawuwo katatu kapena kanayi, mwamphamvu, atandigwira malaya. Ankandisiya malayawo n'kuloza pakhosi pawo. Ine ndinkadziwa, kapena ndinkayesa kuti ndikudziwa, chimene chikuwawawa. Munthu amene ankatsogolera nyimbo, lero sangathe kutchula ngakhale dzina la mwana wake. Ndinkakhala pambali pawo n'kunena kuti, "Pirirani, mayi. Amene anakupatsani mawu adzawabweza pa nthawi yake." Kenaka ndinkawagwira dzanja lomwelo limene amalozera pakhosi, n'kuliika pakati pa manja anga, n'kupemphera. Ndikati ameni, iwo ankayang'ana kukhoma.

M'thupi ankaoneka kuti akupeza bwino. Mwezi woyamba anaimirira atagwira chitseko. Mwezi wachiwiri ankayenda ndi ndodo mpaka pa mtengo wa mango, mwendo wamanja ukukwekwereza, n'kukhala pamenepo kuyang'ana phiri. Anaphunzira kusankha nyemba ndi dzanja lamanzere. Amayi a kumpingo akabwera kudzawaona ankatuluka akunena kuti sanaonepo wodwala woyamika chotere. Ine ndinkawerengera masiku oti tibwerere kwa namwino wa kafukufuku, ndikufuna akaone mmene tagwirira ntchito.

Kutatsala sabata imodzi kuti tipite, Lamulungu, ndinabwera kuchokera kutchalitchi n'kuwapeza atagwa pakati pa mpando ndi khoma. Ulendo uno sananene kanthu. Tinawatengeranso ku Zomba, ndipo Lachiwiri masana anatisiya.

Maliro atatha, amayi a kuchimuna ndi a kuchikazi anakhala m'nyumba kulongosola zovala za malemu kuti zigawidwe. Ine ndinali pakhonde. Mlamu wanga anatuluka atanyamula duku wakale womangidwa mfundo, n'kukhala pansi patsogolo panga, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anamasula mfundoyo. Munali mapiritsi ambiri, oyera ndi achikasu. Ena anali osungunuka mbali imodzi, osonyeza kuti analowapo m'kamwa n'kutulukanso.

"Tawapeza m'kati mwa pilo," anatero motsitsa mawu. "Alamu, kodi simunkawaperera m'phala?"

"Kuwapera?"

"Mapiritsi athunthu sankadutsa pakhosi pawo. Ankawatsamwa. Anatiuza mu wodi kuti tizipera ndi supuni n'kusakaniza ndi phala."

"Ine mu wodi sindinkakhalamo."

Mlamu wanga anayang'ana dukuyo.

"Ndinkayesa mukudziwa," anatero pambuyo pake.

"Inenso ndinkayesa ndikudziwa."

Sindinamuimbe mlandu, ndipo iye sanandiimbe mlandu. Iye anachita zimene anauzidwa, ndipo sanaganize kuti mwamuna wa zaka zanga angafunike kuuzidwa za supuni. Chimene sindikuchimvetsa mpaka lero n'chifukwa chimene akazi anga ankabisira mapiritsiwo. Akanangowasiya pa mpando ndikanawaona. Mwina tsiku loyamba anachita manyazi kuti alephera. Mwina anaona mmene ndinkasangalalira ndikamva zikomo uja, ndipo sanafune kundilanda chimwemwecho. Mwinanso anatopa nane, munthu amene amamuonetsa pakhosi iye n'kuyamba pemphero. Zonsezi ndazitembenuza kambirimbiri ndipo palibe chimene ndingachitsimikize.

Tsiku loti tikaonedwe litadutsa, namwino wa kafukufuku anaimba foni kufunsa chifukwa chimene sitinabwerere. Ndinamuuza. Patapita masiku angapo anabwera yekha kunyumba, nsapato zili fumbi lokhalokha chifukwa anatsika minibasi patali. Anapepesa maliro monga mwa mwambo, kenaka anatulutsa mapepala ake, nati ngati sindikufuna kuyankha mafunso palibe chokakamiza. Ndinayankha onse. Atafika pa funso lakuti kodi wodwala ankamwa mankhwala, ndinalowa m'nyumba n'kubweretsa duku uja.

Anamvetsera nkhani yonse osandidula. Kenaka ndinafunsa chimene ndinkafuna kufunsa chiyambire tsiku la zovala lija.

"Mwana wanga, inu munaona magazi awo. Ndiuzeni zoona. Akanamwa mankhwalawa, bwenzi ali moyo?"

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Bambo, sindingakunamizeni," anatero. "Mankhwalawa amachepetsa ngozi, koma saitseka yonse. Alipo amene amamwa bwinobwino koma n'kudwalanso. Alipo amene samwa koma n'kukhala zaka. Za mayiwa paokha palibe amene angakuuzeni."

"Nanga magazi aja?"

"Akadali kuyezedwa pamodzi ndi a anthu ena ambiri. Zotsatira zimatenga zaka. Ndipo zikadzatuluka zidzanena za gulu lonse, osati za munthu mmodzi."

Ndinkayembekeza kuti andimasula kapena andimanga, koma sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Analemba nkhani ya supuni m'mphepete mwa pepala lake, nati akaiuza anzake kuti potulutsa wodwala azilankhulanso ndi amene akakhale naye kunyumba. Anandiyeza BP asanapite, n'kupeza kuti yanganso ndi yokwera.

Abusa ndi akulu ampingo amandiuza kuti inali nthawi ya Mulungu. Sinditsutsana nawo, pakuti masiku a munthu sali m'manja mwanga. Koma supuni inali m'manja mwanga, ndipo zinthu ziwirizi sindinathe kuzigwirizanitsa. Ndimapempherabe m'mawa uliwonse, kungoti masiku ano ndimayamba ndakhala kaye chete nthawi yaitali.

Namwino uja ndinamupempha kuti zotsatira zikadzatuluka adzandiuze, ngakhale zitakhala za gulu. Anavomera, nalemba nambala yanga kachiwiri. Takolola mpunga kawiri chichokereni namwinoyo. Foni yanga ndi yakale ndipo batire lake silichedwa kutha, choncho Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ndimapalasa njinga kupita kumsika kukaitchajitsa.