Nyimbo ya Pampopi

Kanali kamakina kakuda kojambulira mawu, kokwana m'thumba la shati, ndipo kumutu kwake kankavala chipewa chaubweya chotchinga mphepo. Tsiku loyamba kukaona patebulo ndinakuwa, ndimayesa khoswe wakufa. Amalume anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anandiveka mahedifoni nandiuza kuti nditseke pakamwa. Abale inu! Ndinamva ntchentche ikuyenda pambale. Ndinamva amayi akumeza malovu kuseri kwa katani. Ndinavula msangamsanga, chifukwa ndinaona ngati ndikuba.

Kunali kumapeto kwa 2011, nyengo ija Durban amakukhetsa thukuta usanagwire ntchito ina iliyonse. Ine ndinali mu Giredi 3. Tinkakhala ku Cato Manor, m'chipinda chimodzi chamalata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu, amene ife tinkangoti eni nyumba. Pabwalopo panali mpopi umodzi wa tonse, zingwe zoyanikira zovala, ndi mtengo wamapeyala womwe zipatso zake zinkagwa pamalata, gu! Amayi ankagulitsa nthochi ndi masokosi pafupi ndi renki ya matakisi m'tauni.

Kwathu kunali lamulo limodzi, ndipo silinkaseweredwa. Chichewa chinali cha m'nyumba, chitseko chili chotseka, komanso motsitsa mawu. "Tikatuluka pakhomopa ndife a ku Limpopo," ankatero amayi akundimanga malamba a nsapato. "Wina akakufunsa zambiri, seka basi. Kwa eni kulibe mkuwe." Limpopoyo ine sindinkamudziwa n'komwe. Ndinkaganiza kuti ndi mudzi wina wa kwathu ku Mangochi komweko, ndipo ndinkadabwa kuti bwanji dzina lina likuloledwa, lina ayi. Lero ndikudziwa kuti amayi anali ataona anthu akwathu akutulutsidwa m'zipinda zawo ndi mapoto m'manja, ine ndili wamng'ono kwambiri. Chipinda chija ndi malo awo aja pa renki zinkadalira bodza limenelo, ndipo ankalisamala ngati dzira.

Ndiye kunabwera amalume, mlongo wa amayi wamng'ono, ndi gitala yamagetsi yokulunga m'chitenje. Masana ankakonza mafoni m'kashopu kena m'tauni. Loweruka ankakumana ndi anzawo atatu m'garaja, mzungu, mmwenye ndi mzulu wina wamtali woimba ng'oma, n'kumaimba nyimbo zija amati roki. Analibe kampani yowajambula. Ma CD ankadziwotchera okha pa laputopu, zikuto n'kujambula pamanja, n'kumagulitsa pakhomo pa malo omwe aimba. Amayi anamvera CD imodzi mpaka theka, nagwedeza mutu. "Nyimbo zanji zosavinika? Anthu onse anayi, palibe mmodzi womvera mnzake chisoni?"

Ine ndinkagwirizana ndi amayi, ngakhale sindinkanena. Gitala ija inkalira ngati macheka adutsa pa msomali, ndipo Chingerezi cha amalume poimba chinkatuluka m'mphuno. Koma ndinkawakonda munthuyo, eee, ndinkawakonda. Ndi iwo okha amene ankalankhula nane ngati ndine munthu wamaganizo.

Ankati anaphunzitsidwa ndi ambiri koma palibe amene anadziwa kuti akuphunzitsa. Woyamba anali bambo woitanira anthu ku swala kumzikiti wa kwawo, amene ankakoka liwu limodzi mpaka womvera kutopa ndi mpweya. Kenako banjo yachigubu yomwe anadzipangira ndi mawaya a buleki ya njinga. Panalinso kaseti ina yopanda chikuto yomwe mzungu wina anaiwala m'basi. Sanadziwe konse oimba ake, koma anaimvera mpaka inatafunidwa ndi wailesi. "Koma mahedimasitala ndi awa," ankatero, chala chikuloza mumtengo wamapeyala.

Tikatha swala ya m'mamawa ankanditenga kukaima pansi pa mtengowo. Ankakweza kamakina kaja m'mwamba, ine n'kuima ngati chitsa, osakanda ngakhale udzudzu utandiluma. Munali njiwa, timba, ndi pumbwa mmodzi amene ankayamba kulira anzake onse asanadzuke. Tikalowa m'nyumba ankaika mawuwo pa laputopu n'kuwachedwetsa, mpaka pumbwa uja ankamveka ngati nkhalamba ikudandaula. Kenako ankamusaka pa gitala, nsambo ndi nsambo, lilime lili panja, mpaka atamupeza. "Pumbwa wa kuno ndi wa kwathu amalira mofanana," anandiuza tsiku lina. "Ndamvetsera bwinobwino. Sanasinthe kalikonse."

Masiku omwewo aphunzitsi athu anatiphunzitsa za mbalame. Anatisonyeza chithunzi cha mbalame zija zoderako, za milomo yachikasu, zomwe zimayenda monyada pa renki iliyonse. Anati zimenezo si za kuno, zinachokera ku India kalekale, zimalanda zisa za mbalame za eni dziko, ndipo zikanachotsedwa zikanakhala bwino. Tonse tinalemba. Koma mbalame zomwezo amalume ankaziponyera mpunga wotsala, n'kumati ndi akatswiri, zimatha kutsanzira foni ngakhale hutala ya takisi. Ndinawafunsa kuti wonama ndani, iwo kapena aphunzitsi. "Palibe," anatero, nabwerera ku gitala yawo. Ndinakwiya nawo tsiku lonse. Funso lomveka bwino chonchija, yankho lake n'kukhala limenelo?

Tsiku lina amalume anapachika kamakina kaja panthambi, ife n'kupita kukagula buledi. Ankafuna pumbwa yekha, popanda kupuma kwathu. Amayi sanadziwe. Anatuluka ndi beseni kukachapa pampopi, pabwalo pali zii, eni nyumba ndi alendi anzathu asanadzuke. Ndiye poyesa kuti ali okha, anayamba kuimba chapansipansi nyimbo yomwe ankaimba ali atsikana popita kukatunga madzi. Ya Chichewa, mawu onse poyera.

Madzulo ake amalume anaipeza. Ndinawaona atavala mahedifoni, dzanja lili pakamwa, maso ali piriwiri. Anandikodola nandiveka. Madzi ankagwera m'beseni, pumbwa ankalira pamwamba, ndipo pakati pake panali mayi wina wa mawu okoma amene sindinamuzindikire mpaka anatsokomola. Amayi anga! Ine kubadwa konse ndinali ndisanawamvepo akuimba. "Usawauze," ananong'ona amalume. "Ndi mphatso yawo."

Anaigwirira ntchito milungu ingapo. Gitala ija yamacheka anaitsitsa, inkangoyenda pambuyo pa mawu a amayi ngati mwana wogwira chitenje. Anzawo a kugaraja anaikonda kwambiri, ndipo wang'oma uja akuti anasiya timitengo n'kumangosisita ndi zala. Nyimbo yabwino kuposa zonse zomwe amalume anapangapo inali imeneyo, ndikunena ndine wamkulu tsopano ndipo ndamva zambiri. Koma ndikunenanso kuti munthu amene makutu ake ankamva ntchentche ikuyenda pambale, sanamve zimene mlongo wake ankanena tsiku ndi tsiku pomanga malamba a nsapato zanga.

Linali Lamulungu masana, anthu onse ali pabwalo chifukwa m'malata munali ngati m'ng'anjo. Eni nyumba ankasenda mango pampando wawo. Amayi ena awiri ankalukana tsitsi. Amalume anatulutsa sipika yobwereka, naiika pa kreti, nati m'Chizulu chawo chokhotakhota aliyense amvere. Ine ndinkadumphadumpha. Pumbwa anayamba, madzi anagwera m'beseni, kenako mawu aja anadzaza bwalo lonse mpaka kumsewu.

Amayi anali ndi chovala chonyowa m'manja. Anangoima, madzi akudontha pamapazi.

"Hawu, si mawu anu awa?" anafunsa mmodzi wa amayi olukana tsitsi aja. "Chilankhulo chanji chimenechi? Ku Limpopo ndinakwatiwako ine, chotere sindinachimve."

Amayi anaseka, monga mwa lamulo lawo. Koma nyimbo inkapitirira, ndipo seka yekhayo sanakwane. Mnyamata wina pampanda anatchula mawu aja omwe amatchulira anthu obwera. Amalume ankamwetulirabe, akuyembekeza kuti mlongo wawo awakumbatire, mpaka anaona nkhope yawo. Anathamangira sipika n'kuzula waya. Eni nyumba anangopitiriza kusenda mango.

M'nyumba amayi sanakalipe mokweza, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiopsa. Anatseka chitseko nayankhula monong'ona, mano ali gwa. "Zaka zonsezi ndakhala ndikumeza lilime langa kuti mwanayu agone m'nyumba. Iwe wabwera kudzalipachika pachingwe?"

"Achemwali, ndimafuna mudzimve mmene mumaimbira."

"Ndani anakuuza kuti sindikudziwa?"

Ine mutu unangoti balala. Nyimbo inali yabwino, aliyense anamva. Mawu anali a amayi, sanabe a munthu. Nanga cholakwa chinali pati? Ndinaganiza kuti mwina amayi achita manyazi chifukwa cha kutsokomola kuja, ndipo ndinawauza amalume kuti angokuchotsa, zonse zikhala bwino. Anangondisisita kumutu.

Palibe anatimenya, palibe anatiotchera katundu. Zinangosintha pang'onopang'ono. Amayi olukana tsitsi aja anasiya kuyankha moni. Pampopi, beseni lathu linkapezeka litakankhidwira kumbali. Kusukulu ana ena anayamba kunditchula mbalame ya ku India, ndipo aphunzitsi atawamva anawakalipira kwambiri, zomwe zinandisokonezanso, poti phunziro lija anatipatsa ndi iwo. Nkhani inafika mpaka ku renki, mayi amene ankasungira amayi malo akapita kukaoda nthochi anati sangathenso. Eni nyumba anabwera okha pakhomo pathu ndi mango m'mbale. Anati iwo ankadziwa kalekale, zovala zathu ndi kaphikidwe kathu zinkanena, ndipo analibe nafe chifukwa. Koma tsopano msewu wonse wadziwa, ndipo anyamata a kumsewu si ana awo. Anatipatsa mangowo, natiuza kuti tiyambe kufunafuna kwina.

Amalume anachoka ife tisanasamuke. Amayi ndiwo anawauza kuti apite, ndipo anawakulungira okha gitala m'chitenje chija, mfundo yake yolimba. Anapita kukakhala kwa wang'oma uja ku KwaMashu, kenako anatsikira kutali ndi gulu lawo. Nyimbo ija sanaiikenso pa CD iliyonse. Kamakina kaja anakasiya pawindo pamodzi ndi mahedifoni, sindikudziwa ngati anaiwala.

Tinasamukira m'tauni, m'chipinda cha pamwamba m'nyumba yosanja momwe munali anthu a mitundu yonse ndipo palibe ankafunsa mnzake kwawo. Kunalibe mtengo. Mbalame zinali nkhunda zokhazokha, zonyera pawindo. Amayi ankachapira m'bafa, chitseko chotseka, ndipo ine ndinkaika khutu pachitsekopo kudikira. Ndinkangomva madzi.

M'mawa wina ndinadzuka msanga n'kuwapeza atakhala pamkeka wa swala, atavala mahedifoni pamwamba pa mpango, kamakina kaubweya kaja kali m'manja. Maso anali otseka. Milomo inkayenda, koma mawu osatuluka. Ikatha ankabwezera, ikatha ankabwezera. Ine ndinaganiza kuti akufufuza batani lofufutira, poti nyimboyo ndi imene inatichotsa pakhomo n'kutilanda amalume. Ndinanyadira kuti ndikulidziwa, amalume anali atandisonyeza. Ndinayandikira n'kutambasula chala.

"Ndi ili, amayi. Mukadina kawiri imachoka."

Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa, nakafumbatira kamakinako pachifuwa ngati ndikufuna kuwalanda mwana. Kenako anandisiya, nandiuza kuti ndikasambe, ndichedwa kusukulu. Ndinapita kubafa ndikusisita dzanja langa, ndili wokhumudwa kuti ndafuna kuthandiza koma sanandithokoze.