Mpando wa a Sizipweteka

Ana a pasukulu pathu ankawatchula kuti a Sizipweteka, chifukwa mwana akakhala pampando wawo ali ndi mantha, iwo ankati, "Sizipweteka ayi, bwana wanga. Werama pang'ono." Anali ometa tsitsi. Kachipinda kawo kanali pakati pa wokonza njinga ndi mayi wogulitsa makala. Munali mpando umodzi, galasi lothimbirira m'makona, ndi thabwa limene ankaika pamikono ya mpandowo kuti ana aafupi afike pagalasi.

Sabata yotsegulira sukulu, mzere unkafika kumsewu. Ife aphunzitsi tikabweza mwana wa tsitsi lanyankhalala, mtima unkakhala m'malo podziwa kumene akupita. Ankameta akufunsa masamu.

"Faifi taimusi seveni? Ukalakwa ndikusiyira chisumbu pakati pamutu."

Akazi awo atamwalira, iwo anatsegula kachipindako maliro atangotha, ndipo anthu anawayamikira kuti ndi mwamuna wolimba mtima. Palibe amene anaona kuti nthabwala zatha, kapena kuti chakudya chamasana chikubwerera kunyumba chosakhudza. Kenaka manja anayamba kunjenjemera. Tsiku lina lumo linaphonya n'kucheka khutu la kamwana ka sitandade wani. Bala linali laling'ono, koma mayi ake anakuwa mpaka msewu wonse unamva.

"Mwakalamba inu! Mukufuna kutiphera ana?"

A Sizipweteka anatseka chitseko dzuwa lili paliwombo, anapita kunyumba n'kukagona. Kuyambira pamenepo ankangokhala m'chipinda, makatani otseka, nkhope kukhoma. Kusamba kunasanduka phiri. Achemwali awo aakulu, amene anabwera kudzawasamalira, ankaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Achimwene, ndinu oyamba kuferedwa kodi? Dzukani, anthu akutiseka."

"Ndamva, achemwali."

"Mwamva, koma mwagonabe ngati thumba la simenti."

Tsiku lina anayankha zina. Anati, "Bola ndikanangotsatira mayi a anawa." Mawu amenewo anaopsa banja lonse. Abale anasonkhanitsa malumo, masizasi ndi makina ometera n'kuzikhomera mu sutikesi. Pamenepo anachita mwanzeru, pakuti munthu akalankhula chotero sitimuyesa wocheza. Koma mantha sadziwa polekezera. Aliyense wobwera kudzazonda ankabwezedwa pakhonde kuti odwala akupuma. Kachipinda kometera kaja anakapereka kwa mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo woyamba, ati kasakhale chabe mpaka mwini wake atachira. Motero munthu amene ankacheza ndi msewu wonse anatsala ndi khoma.

Amene anaona kuti zinthu zikuipiraipira anali mwana wawo wotsiriza, mtsikana wofatsa amene ndinamuphunzitsapo. Anawanyengerera mpaka anavomera kupita kuchipatala. Namwino anamvetsera nthawi yaitali osawadula mawu.

"Bambo, uwu si ulesi," anatero. "Ndi matenda a maganizo, ndipo amachizika. Mwataya mnzanu, ntchito ndi anthu ocheza nawo, zonse pakamodzi. Mtima wa munthu si chitsulo."

Anawapatsa mankhwala, a maganizo ndi a manja omwe, n'kuwauza kuti azibwera kudzalankhula zakukhosi, aziyenda m'mawa uliwonse, ndipo mphamvu zikabwerera apite kuntchito kwawo. "Ngakhale kungosesa tsitsi pansi, bola mukhale pakati pa anthu."

Sizinasinthe msanga. Masiku ena ankafika pachipata n'kubwerera kukagona. Koma wokonza njinga uja, munthu wadazi lonyezimira, anatopa ndi kubwezedwa. Anawadutsa achemwali pakhonde n'kulowa mpaka kuchipinda.

"Ndabwera kudzametetsa, tsitsi langa lakula," anatero akusisita dazi lake.

A Sizipweteka anaseka, koyamba chimwalirire akazi awo. Kuyambira tsiku limenelo awiriwo ankayenda limodzi m'mawa, wina akudandaula za matayala, wina akungomvera. Chakudya chinayamba kulowa. Manja anachepetsa kunjenjemera.

M'mawa wina anasita malaya awo oyera, napita kukachipinda kawo ndi mwana wawo wotsiriza uja. Anapeza khoma lapakidwa utoto wachikasu, wailesi ikuphokosera, paliponse palendewera zikwama za mafoni ndi matchaja. Mkamwini anatuluka akumwetulira.

"Apongozi! Koma ndiye mwanenepatu. Khalani apa." Anawakokera kireti ya mabotolo.

"Mpando wanga uli kuti?"

"Aa, uja? Unkadya malo. Uli kuseriku."

Kuseriko anaupeza mvula itaufufumitsa, chikopa chitang'ambika, miyendo yadzimbiri. Anausisita pang'ono n'kubwerera.

"Ndimati ndiyambirenso, mwanangu. Ngakhale pakona pokhapo."

"Apongozi, mukadwalanso anthu adzaloza ine. Inu pumani, ife tilipo. Komanso ana masiku ano akumakametetsa kwa anyamata uko, kuli masitayelo."

"Alamu, chipinda ndi cha bambo ichi," anatero mtsikanayo. "Munangobwereka."

"Iwe, za akuluakulu uzisiye."

Banja linakhalanso pansi. Aliyense analankhula za chikondi: kuti bambo avutika mokwanira, kuti lumo m'manja mwawo n'loopsa, kuti mkamwini naye ali ndi ana. Mtsikanayo anabwereza mawu a namwino, koma achemwali anati namwino sagona m'nyumba muno. Mwini nkhani anakhala pomwepo, malaya osita ali pathupi, ndipo palibe anamufunsa.

Mpandowo anaunyamula wokonza njinga ndi mtsikana uja mpaka kunyumba. Uli pakhonde, ndipo achemwali amayanikapo matawulo. Zida sanabwezeredwe. A Sizipweteka akumwabe mankhwala, akuyendabe m'mawa, masiku ena bwino, masiku ena ayi. Ana athu akamaweruka, amawapeza atakhala pamasitepe, akuyang'ana mitu ikudutsa.

"Taonani mzere wokhotawo," amatero chapansipansi. "Wamumeta ndani mwana ameneyu?"