Jekete la Amock Daka

Amock Daka analowa m'kalasi langa la akuluakulu mu Januwale 1986, ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake. Anakhala pa benchi yakumbuyo, manja atawapanira pakati pa mawondo. Ine Abson Mwanza ndinaphunzitsa Baibulo pa mpingo wathu wa ku Kabwata zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinaonepo munthu wofuna ubatizo ngati iyeyu. Ankaufuna ngati mmene wodya tsabola amafunira madzi. Chifukwa chake sitinachidziwe nthawi imeneyo, koma inu ndikuuziranitu kuti musavutike. Amock anapha munthu, ndipo ankafuna kuti madzi a ubatizo amutsuke popanda iye kutsegula pakamwa.

Anabwera mumzinda kuchokera kwawo ku Katete chaka cha ufulu, atakwera pamwamba pa matumba a mtedza. Ntchito anaipeza ku Kamwala, yonyamula mabelo a nsalu m'masitolo a amwenye. Anali chimunthu cha ndevu, khosi ngati mtondo. Masiku amenewo ku Kamwala, wina akangokuwa kuti "Kawalala!" malonda ankaima, aliyense n'kutola chomwe chili pafupi. Amock ndiye ankafika woyamba. Wogwidwa wina iye anamuthyola mkono pa bondo lake ngati nkhuni. Wina anamugululira mano pa mwala wa ngalande. Eni masitolo ankamuyamika ndi paketi ya shuga, ndipo pa nthawi ija yoima pamizere pogula zinthu, shuga sanali chinthu chamasewera.

Anali ndi jekete limodzi lofiirira, logula mu Cairo Road, ndipo ankalikonda kuposa mkazi amene anamuthawa. Asanamenye munthu ankayamba walivula, kulitembenuza, kulipinda bwinobwino, kulisisita kawiri, n'kupatsira aliyense amene waima pafupi.

Tsiku lina mu 1979 mafuta ophikira anafika pa sitolo ina. Mnyamata wina wa zaka makumi awiri ndi ziwiri anaima pamzere kuyambira mbandakucha, nagula chigubu chimodzi, nayamba kuthamanga nacho mwachimwemwe. Kuthamanga ndi katundu ku Kamwala kunali kudziitanira imfa. Wina anakuwa, anthu anamuzinga, iye nagwa. Amock anafika anthu atachuluka kale. Kunja kwa gululo kunaima mayi wogulitsa mtedza, akusuzumira osaona kanthu. Amock anamupatsa jekete nalowa pakati. Anapeza mnyamatayo akuyesa kudzuka, mafuta ali thothotho pansi, magazi akutuluka m'khutu. Ananyamula chidutswa cha konkire ndi manja awiri. Chimenecho ndicho chinamaliza zonse.

Apolisi atatulukira, onse anabalalika, Amock nathawa osatenga jekete. M'mawa mwake anamva kwa wogulitsa m'sitolo muja kuti mnyamatayo analipira mafuta ake. Sanabwererenso ku Kamwala. Anameta ndevu, nakalowa ntchito yosamalira maluwa pa nyumba ina ku Woodlands, ndipo thupi lija linasungunuka mpaka anthu a ku Kamwala ankamudutsa pamsewu osamuzindikira.

Kalasi lathu linali la anthu makumi awiri ndi mphambu, Lachitatu lililonse tikaweruka kuntchito. Ena ankakonzekera ubatizo, ena anabatizidwa kalekale koma ankabwerabe, ati kudzanola mipeni. Sitinkangowerenga ayi. Wina akamva kuti kwafika ufa kapena sopo, ankasungira anzake malo pamzere. Maliro akagwa, kalasi ndilo linkagona pamalirowo. Amock anatipindulira kwambiri pamenepa. Manda ankakumba yekha theka lonse, osalankhula, osapuma, mpaka anzake kumulanda fosholo.

Mwa akalekale aja munali Amayi Winifred Sakala, amene tonse tinkawatchula Amake Matthew, ngakhale Matthew sitinamuonepo. Tinkangodziwa kuti anamwalira, ndipo sankafuna kufunsidwa. Anali amayi okalipa, a miyendo yotupa, odziwa Baibulo kuposa ine, ngakhale izi sindinkavomera pagulu. Iwowa ndiwo anamutola Amock. Anamukhazika pambali pawo, namugwira chala n'kumachiyendetsa pansi pa mawu.

"Ba Daka, iyi ni M, osati W. Muona monga nkhuku yamene yamwa kachasu."

Iye ankaseka, kuseka kwake kokhako komwe ndinakumva. Anawakonzera chitseko, nawakhomera denga. Iwo ankamusungira mbatata yootcha m'kapepala, ndipo pofika mwezi wa Juni ankamutcha mlongo wawo. Pa mpingo wathu, munthu wobatizidwa ankakhala ndi womuimira, wonena pamaso pa anthu kuti munthuyu ndikumudziwa. Amake Matthew anadzipereka okha. Onse awiri sankadziwa kanthu.

Kutatsala milungu itatu kuti abatizidwe, ndinamuitanira pambali monga ndinkachitira ndi aliyense.

"Ba Daka, kuli chilichonse pamtima chamene mufuna kukamba tikalibe kufika ku manzi?"

Anayang'ana manja ake. "Kulibe, ba Ticha."

Tsopano ndinene mbali yanga, chifukwa nanenso ndili ndi mlandu. Ndinali ndi kanzeru kanga komwe ndinkanyada nako. Popeza ambiri sankawerenga bwino, phunziro lililonse tinkalichita sewero. Lachitatu limenelo tinali pa Machitidwe, mutu wachisanu ndi chiwiri, kuponyedwa miyala kwa Stefano. Miyala yathu inali zitsononkho za chimanga. Stefano anali Chomba, telala woonda wa ku Luapula amene ankakonda kufa m'masewero, chifukwa ankafa mochedwa ndi mwaphokoso. Ndinafotokoza kuti oponya miyala aja anayamba avula malaya awo n'kuwasungitsa kwa Saulo. Wofuna kukhala Saulo panalibe, choncho ndinati Amake Matthew akhale Saulo, poti ndi ntchito yochita chokhala.

Amock anakana kuponya miyala. Anati mutu ukumupweteka. Ine ndi pakamwa pangapa ndinamuseka pamaso pa anthu.

"Chimunthu chonse ichi kuyopa chisononkho? Nyamukani, ba Daka, musatitayile nthawi."

Ananyamuka. Anali atavala kajekete kotuwa komwe bwana wake anamupatsa. Ndikukhulupirira kuti mutu wake sunaganize kanthu, manja okha ndiwo anakumbuka. Anavula jekete, nalitembenuza, nalipinda, nalisisita kawiri, naliika m'manja mwa Amake Matthew.

"Amai, nisungilenikoni, ingade."

Sindidzaiwala nkhope yawo. Anayang'ana jeketelo, nayang'ana manja amene anawapatsa, kenaka anakweza maso pang'onopang'ono. Chomba anali atagwada kale pakati, akuyang'ana kudenga, kudikira miyala.

"Kambani futi," anatero Amake Matthew, pofuna kuti abwereze mawuwo.

Amock asanayankhe, iwo anapitiriza.

"Ku Kamwala. Pa siku ya mafuta. Munanipasa jekete ya bulauni, munakamba mau yamene aya. Nenze naimilila na mbale ya nshawa, nagwila jekete yanu bwinobwino kuti isade, nikumvela munthu alila mukati. Sininazibe kuti ni Matthew. Nenze nasunga jekete, imwe mupaya mwana wanga!"

Amock anagwada. "Ndine, amai."

Chitseko cha kalasi tinkachiimika ndi njerwa. Amayi a miyendo yotupa aja anafika pa njerwayo ngati mtsikana. Ulendo woyamba inamupeza Amock pa diso lamanzere, ndipo phokoso lake linali ngati dzungu lagwa pa simenti. Ulendo wachiwiri pakamwa. Magazi anathovokira pa Baibulo la munthu wina. Amock sanakweze dzanja ngakhale limodzi. Ndinawagwira mkono, nandikankha, magalasi anga n'kuphwanyika pansi.

Mwana wawo wachiwiri, Norbert, makanika wa maminibasi, anali m'tchalitchi pa maphunziro a kwaya. Anamva kukuwa nathamangira, anzake akwaya ali pambuyo. Mawu awiri okha a mayi ake anamukwanira. Anamugwira Amock mwendo namukokera panja, mutu ukugunda pa masitepe onse atatu. Anthu odutsa mumsewu anaona munthu akukhwekhwerezedwa, ndipo wina, wosadziwa n'komwe chomwe chachitika, anakuwa mawu omwe aja: "Kawalala!"

Abale anga, ndinaona anthu amene ndinawaphunzitsa za chikondi zaka zambiri akuzula njerwa za m'mbali mwa maluwa a abusa. Ndinaona mayi wina wa chigwirizano akuponda munthu m'nthiti ndi nsapato ya Lamulungu. Alendo ochokera mumsewu ankamenya mokondwa, osafunsa. Ndinakuwa mavesi, ndinakuwa mayina awo, koma mawu anga anali ngati kulira kwa udzudzu. Chomba yekha, Stefano wathu wa zitsononkho, anayesa kulowa pakati, ndipo anamuthyola mphuno. Mkwiyo umene ndinali nawo tsiku limenelo sunathe mpaka lero, ndipo theka lake ndi wodzikwiyira ndekha.

Norbert anaona mwala waukulu umene tinkakhalira pansi pa mtengo wa mango. Anali atavala jekete lakuda la kwaya. Analivula msangamsanga, natembenukira mayi ake amene anaima pakhomo akupuma movutika.

"Mami, gwilani."

Analigwira. Dzanja linangolandira lokha, monga amachitira mayi aliyense mwana akamupatsa chinthu. Kenaka analiyang'ana, nakuwa kukuwa kumene sindinakumvepo pa maliro alionse. Analitaya m'fumbi, nakankha anthu, nakadzigwetsa pamwamba pa Amock, thupi lawo lonse. Njerwa ina imene inali kale m'mwamba inawapeza paphewa.

"Norbert, ika pansi! Nakamba ika pansi!"

"Mami, uyu anapaya Matthew!"

"Niziba. Sininamukhululukile, ndipo kaya ngati nizamukhululukila. Koma jekete nagwila kale imozi. Sinizagwila inangu."

Norbert anaima ndi mwala uja pachifuwa mpaka unamulemera nauponya pambali. Alendo aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, okhumudwa ngati anthu amene mpira wawo wathera panjira.

Amock anagona m'chipatala milungu isanu. Diso lamanzere linafa, nthiti zinayi zinathyoka, ndipo mano akutsogolo anatsala pa bwalo la tchalitchi. Atatuluka anapita yekha kupolisi kukadzipereka. Apolisi anamusunga masiku awiri, namuuza kuti nkhani ya gulu ya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo ilibe mboni, azipita. Mboni inalipo, Amake Matthew, koma anakana kupita. Akulu a mpingo anaimitsa ubatizo wake chaka chathunthu, ndipo anaimika pa mgonero anthu asanu ndi anayi a m'kalasi langa. Masewero ndinasiyiratu.

Chaka chonsecho Amock sanajombe Lachitatu ngakhale limodzi. Anabwerera pa benchi yakumbuyo, akuwerenga ndi diso limodzi, chala chikuyenda chokha pansi pa mawu. Amake Matthew ankakhala kutsogolo. Moni sankamupatsa, mbatata inatha. Ndikamufunsa za womuimira, ankati alibe, ndipo panalibe wina wodzipereka.

Lamulungu la ubatizo, mu 1987, tili pamzere panja pa tchalitchi, Amake Matthew anafika ndi phukusi la pepala la kaki lomanga ndi chingwe. Analimasula pamaso pa Amock. Linali jekete lofiirira lija. Tsiku la ku Kamwala, anthu atabalalika, iwo anatsala nalo m'manja, ndipo ndilo anafunditsa nkhope ya mwana wawo. Sanalichapepo. Kolala ndi phewa limodzi zinali zakuda, zouma gwa.

"Vulani iyo. Valani iyi."

Analivala. Linali la munthu wonenepa wa kale uja, tsopano linkangolendewera, manja ake obisika m'kati. Abusa atafunsa kuti womuimira munthuyu ndani, benchi inalira, Amake Matthew naimirira.

"Ine nimuziba," anatero. "Kulibe wamene amuziba kupambana ine."

Madzi anatsika pamutu pake, nadutsa pa diso lakufa lija, nalowa mu kolala. Kolalayo inanyowa, ndipo kadontho kofiirira kanatsikira pa malaya ake oyera. Ine amene ndinamuphunzitsa kuti madzi amenewa amatsuka, ndinalira ngati mwana.

Titatuluka, Amock anavula jekete, nalipinda, napita nalo kwa iwo ndi manja awiri. Amake Matthew anabisa manja awo kumbuyo.

"Iyayi. Ine nasunga zaka eyiti, nalema. Manje sungani mweka."

Analivala Lamulungu lililonse, kutenthe kuzizire, mpaka anamwalira ndi chifuwa mu 1990. Tinamuika nalo. Amake Matthew anabwera kumanda, anakhala patali, ndipo sanaimbe nawo nyimbo.